Akalipentala Awiri ndi Funso Loyamba

Panali munthu wina, kalipentala, dzina lake Malizani. Manja ake ankalidziwa thabwa. Chitseko chimene wakhoma iye chinkatsekeka popanda kuchikankha ndi phewa, ndipo mpando wake sunkagwedera ngakhale akhalepo munthu wonenepa chotani. Koma pakamwa pake panali polemera. Mlendo akamupatsa moni, ankayankha maso ali pa thabwa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Munthuyu ankagwira ntchito m'chisakasa chimodzi ndi mnzake, Fanuwelo, m'mbali mwa msewu waukulu. Anaphunzira kwa mmisiri mmodzi, koma Fanuwelo anali wamng'ono ndi zaka zinayi, ndipo ankamutchula Malizani kuti achimwene. Pa luso Fanuwelo anali wapakatikati, ndipo iye mwini sankakana. Mphatso yake inali ina. Munthu akafika, asanatchule n'komwe chimene wadzera, ankapezeka akuseka kale. Fanuwelo ankakumbukira kuti uyu mwana wake anadwala chikuku, uyu anapita kwawo kukaika maliro, uyu njinga yake inabedwa pamsika. Ankayamba ndi zimenezo, za mipando pambuyo.

Tsono zinkachitika motere. Kabati akhome Malizani, mwini wake pobwera kudzatenga ankacheza ndi Fanuwelo, ndipo akafika kunyumba ankauza anansi kuti, "Iyi ndi ntchito ya a Fanuwelo." Malizani ankazimva. Ankangomenya msomali mopitirira muyeso. Kaduka kanamulowa ngati chiswe m'thabwa: kunja kuli bwinobwino, m'kati mukudyeka. Mnzake akaseka ndi kasitomala, iye mtima unkamuwawa. Mnzake akamugawira chinangwa chowotcha masana, ankalandira, koma ankati mumtima, "Akufuna anthu aone kuti ndi wopatsa."

Chaka china kunalengezedwa kuti msewu uja aukulitsa, ndipo zisakasa zonse za m'mbali mwake zigwetsedwa mvula isanagwe. Malizani anali ndi ana atatu a pasukulu, ndiponso mayi ake okalamba omwe ankayang'ana kwa iye. Sabata yomweyo kunamveka kuti kampani ina yopanga madesiki ikufuna kalipentala mmodzi. Onse awiri analemba makalata. Onse awiri anaitanidwa tsiku limodzi kuti akafunsidwe mafunso.

Ananyamuka m'mawa, wapansi. Ali panjira Fanuwelo anati, "Achimwene, mukalowa musathamangire kutulutsa mapepala. Muyambe mwapereka moni, muwayang'ane kumaso. Akakufunsani za ulendo, muyankhe za ulendo. Zinazo zibwera zokha."

Malizani anati, "Ndamva." Koma mumtima anati, "Taonani, wayamba kundiphunzitsa, mwana amene ndinachita kumugwira dzanja pomuonetsa kagwiridwe ka sowo."

Atafika anawakhazika pa benchi panja pa ofesi, pamodzi ndi anthu ena asanu. Woyamba kuitanidwa anali Fanuwelo. Chitseko chitatsekedwa, sipanapite nthawi, m'katimo munamveka kuseka. Kunali kuseka kwa mayi, kochokera pansi pa mtima. Malizani anatchera khutu. Mawu sankamveka bwino, kunkangomveka kuti anthu akucheza ngati odziwana kalekale. Kamodzi anamva dzina lake likutchulidwa, kenako phwete kachiwiri.

Thukuta linamutuluka m'manja mpaka kunyowetsa envulopu ya mapepala ake. Anati mumtima, "Akundiseka ine. Watenga makasitomala anga, watenga mbiri ya manja anga, lero akutenga chakudya cha ana anga, ndipo akuchitenga ndi nthabwala."

Fanuwelo atatuluka anamugwira paphewa n'kunong'ona, "Ndi munthu wabwino, achimwene, musaope. Ndikudikirani pachipata."

Malizani analowa. Mwini kampani anali mayi wa imvi zoyamba kumene, wovala magalasi, nsapato zake zili mbuu ndi utuchi. Anaimirira, namupatsa dzanja, namusendezera mpando.

"Takulandirani, a Malizani. Khalani apa, pali mphepo. Mwayenda bwanji? Ndamva kuti mwabwera wapansi, limodzi ndi mnzanu uja."

Linali funso lofewa, longa limene munthu amafunsa mlendo pomulandira chikwama. Malizani akanatha kunena za fumbi la mumsewu, kapena za dzuwa limene latuluka mwaukali, n'kubwezera moni. Koma m'makutu mwake munali mukulirabe kuseka kuja.

"Tayenda bwino," anatero. Kenako mawu amene anakhala akuwameza zaka zisanu ndi zitatu anatuluka okha, ndipo kwa nthawi yoyamba pakamwa pake panapepuka. "Koma mayi, ndikuchenjezeni. Uja ndi wa pakamwa pokha, musatengeke ndi nthabwala zake. Makabati onse amene anthu amamutamanda nawo ndimakhoma ndine. Iye kudula thabwa molunjika mpaka lero amavutika. Chaka chatha anakhoma tebulo la miyendo yosalingana, ndinachita kukonza ndine kuti tisachite manyazi."

Mayi uja anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo pang'onopang'ono.

"Za tebulo limenelo wandiuza yekha," anatero. "N'zimene timaseka zija. Wati anabwera nalo kwa inu atatsala pang'ono kulira, inu munalikonza tsiku lomwelo, osauza munthu aliyense."

Malizani anaika envulopu yake pa tebulo.

Mayi anapitiriza. "Ndinamufunsa monga ndakufunsirani inumu, kuti wayenda bwanji. Anati wayenda bwino, chifukwa wabwera ndi munthu amene anamuphunzitsa theka la zimene amadziwa. Anandipempha kuti mukalowa ndiyambe nanu modekha, chifukwa simuzolowerana ndi alendo msanga, koma ndikaone manja anu. Anati ngati malo ali amodzi, woyenera ndinu."



"Madesiki oti tikhome achuluka kuposa mmene ndinkaganizira," anatero mayi. "Pamene iye amatuluka pakhomopo, ndinali nditaganiza zokulembani nonse awiri. Iye azikumana ndi ogula, inu muziyang'anira ntchito m'shedi. Luso lanu sindikulikayika, bambo. Koma muno muli anthu makumi awiri, ndi makina oti munthu akangocheuka adula chala. Aliyense amadalira maso a mnzake. Munthu woti mnzake akangotembenuka wayamba kumudya miseche, sindingamuike pakati pawo."

Mwa ulemu chabe mayi uja anatsegula envulopu yonyowa ija, nayang'ana mapepala, nafunsa mafunso awiri atatu a za matabwa. Malizani anayankha molondola, koma mawu ake anali atabwerera pansi. Pomaliza mayi anaimiriranso n'kumupatsa dzanja. "Zikomo pobwera. Muyende bwino."

Pachipata Fanuwelo anali atakhala pa mwala, pamthunzi. Atamuona anadzuka msanga. "Zayenda bwanji, achimwene? Anakulandirani bwino?"

"Anandilandira bwino," anatero Malizani. Zinali zoona, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri.

Anabwerera limodzi, wapansi. Njira yonse Fanuwelo ankakamba za kukula kwa shedi ija, ndi za makina opalira matabwa amene anawasuzumira pawindo, n'kumati, "Amene aja akagwa m'manja mwanu, achimwene, dziko lidziwa." Malizani ankayenda pambuyo pang'ono, maso ali pansi.

Patatha sabata, kalata inabwera imodzi, ya Fanuwelo. Iye sanakondwe mokwanira. Atangoyamba ntchito anapita kwa mayi uja kukapempha kuti amuganizirenso mkulu wake. Mayi anamumvetsera mpaka kumaliza, koma anangoti, "Nkhani imeneyo inatha." Chimene chinanenedwa m'chipinda muja sanamuuze, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Chisakasa chinagwetsedwa. Malizani anasamutsira zida zake kuseri kwa nyumba, kumene odutsa sankamuona, ndipo ntchito inkabwera mwa apo ndi apo. Mwana wake woyamba anakhala kunyumba teremu yathunthu. Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi, Fanuwelo ankamufunafuna pagulu, n'kumugwira dzanja ndi manja awiri, n'kunena mawu omwewo: "Achimwene, ine mpaka lero sindimvetsa chimene sanakutengereni."

Malizani ankachidziwa. Kangapo anafuna kunena, koma pakamwa pake panali patalemeranso.

Tsono inu amene mwamaliza kuphunzira ntchito ya manja, ndipo mawa muyamba kugogoda m'maofesi, mverani. Funso loyamba limaoneka ngati lopanda kanthu. Mwadzuka bwanji? Kunja kukutentha eti? Simunasochere pobwera? Wofunsayo sakufufuza za nyengo. Akukupatsani mpata wopuma, ndipo mukamapuma iye akumvetsera chimene chili pamwamba mumtima mwanu, pakuti chimenecho ndicho chimayamba kutuluka. Mungathe kuloweza moni wokoma, mungathe kusita malaya mpaka kuwala. Zonsezo n'zabwino, chitani. Koma dzifunseni za munthu amene kuseka kwake kumakuwawani, amene mwayi wake mumauwerenga ngati wachotsedwa pa wanu. Kaduka kameneko mukatule panja musanagwire chitseko. Mukalowa nako, kadzayankha funso loyamba m'malo mwanu.