Tchesi ya m'Makalata ya a Ng'ona ndi a Gologolo

Kalekale, ana inu lekani phokoso, kunali a Bwana Ng'ona a padziwe, a Mayi Gologolo a mumkuyu, ndi Aphunzitsi Kakowa, osunga malamulo.

A Ng'ona ankaufuna mkuyuwo. "Mthunzi wake umagwera padziwe langa, ndiye ndi wanga! Samukani ndi tiana tanuto!"

"Tisewere tchesi," anatero a Gologolo. "Wopambana atenge mtengo ndi dziwe lomwe."

"Tsikanitu!"

"Pafupi ndi mano amenewo? Iyayi, achimwene. Tizilemberana makalata."

Aliyense anayala bolodi lake. Akasuntha kanthu ankalemba patsamba, a Kakowa n'kuuluka nalo. Mvula inagwa, inakata, inagwanso, makalata akadali m'njira.

Masewero anawaipira a Gologolo. Anayang'ana ana awo, anayang'ana bolodi, ndipo anayamba kupereka dala. Anapereka msilikali. A Ng'ona anamudya, n'kumutafunadi, kukutu kukutu! Anapereka hatchi. Kukutu kukutu!

Pa kalata iliyonse ya a Ng'ona, a Kakowa ankafunsa mwa lamulo, "Mwatsimikiza, Bwana? Cholembedwa sichifufutidwa."

"Tseka mlomo wautaliwo, uluka!"

Pomaliza a Gologolo anapereka mfumukazi imene. Kukutu kukutu! Inatsala mfumu yokha pakona.

M'mawa mwake linabwera tsamba losalembedwa kanthu.

"Chipongwe chanji ichi?" a Ng'ona anamenya madzi ndi mchira, phwaa! "Kambewa kamchira iwe, suntha ndikumalize!"

"Ndisunthe chiyani, achimwene? Zonse mwadya."

"Suntha mfumuyo!"

A Kakowa anatera pakati, anayendera mabolodi onse awiri, nagamula: "Mfumuyi pamene ilipa palibe chikuiopseza. Koma paliponse ingaponde pali imfa, ndipo lamulo limaletsa mfumu kudziponya ku imfa. China chosuntha palibe. Masewero atha, wopambana palibe. Dziwe n'la a Ng'ona, mkuyu ngwa a Gologolo."

"Bodza! Bweza kalata yanga ya dzulo!"

"Cholembedwa sichifufutidwa."

"Chabwino, ndimubwezera msilikali mmodzi, asunthe ameneyo!"

"Ali m'mimba mwanu, Bwana."

A Gologolo anawomba m'manja, navomera chigamulo. A Ng'ona sanavomere. Anamira, thibu! ndipo mpaka lero amagona pagombe kukamwa kuli yasa, kudikira apilo.

Nthano yanga yathera pomwepa. Mwamva, inu omaliza ndiwo anzanu asanasambe m'manja? Wadyera amameza ndi chipambano chake chomwe.