Fosholo ya a Gomeza m'Chipululu

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina, a Gomeza, malume awo a agogo anu. Ndikunena monga anandiuzira azakhali anga a Nangondo, Mulungu awasunge. Sindiwonjezerapo kanthu.

A Gomeza anali mdzukulu, wokumba manda. Nkhondo yachiwiri ya azungu inawapeza ku migodi ya ku Joni, n'kuwaponya kuchipululu cha kumpoto kukanyamula ovulala. Kumeneko gulu la akasinja a Ajeremani linawathamangitsa miyezi ndi miyezi. Akasinja, ana inu, ndi nyumba zachitsulo zoyenda, zolavula moto.

Tsiku lina Ajeremani aja anathawa. Pamchenga panatsala kasinja wopsa, pambali pake mtembo wa Mjeremani, ntchentche zili piringupiringu. A Gomeza anatsika m'lole, fosholo ili m'manja.

"Achimwene, mwapenga?" anatero Sitolo, dalaivala wa ku Zomba. "Ameneyu dzulo amatiwotcha!"

"Dzulo anali mdani. Lero ndi maliro."

"Ndiye kaitaneni amake mudzalire nawo! Sajeni walamula tinyamuke."

"Pitani. Mdzukulu sasiya maliro pamtunda."

Lole inapita. Kodi inu mukanatsala? Kumsasa kuli ulendo wa tsiku lathunthu, madzi ali botolo limodzi?

Anakumba, mchenga n'kugumuka. Anakumbanso, n'kugumukanso. Paja kwathu sitiponya munthu m'dzenje ngati galu. Timaboola kachipinda m'mbali kuti dothi lisamugwere kumaso. Nanga mumchenga kachipinda kangaime bwanji? A Gomeza anakoka chitsulo chimene bomba linang'amba pakasinjapo, n'kuchitsamiritsa m'dzenjemo ngati khoma. Anamugoneka munthuyo kuseri kwake, n'kumuphimba nkhope ndi malaya awo. Atakwirira, anagwada n'kupemphera Atate Wathu m'chinenero chathu. Ankati Mulungu ndiye anamasulira.

Kenaka anauyamba ulendo, kutsata mmene munadutsa matayala. Anafika m'mawa mwake milomo itang'ambika, mawu osatuluka. Sitolo anathamanga ndi madzi, uku akulira uku akukalipa: "Nkhutukumve inu! Ndikanakanena chiyani kwanu?"

Sajeni anawalanga a Gomeza kukumba zimbudzi masabata awiri. Iwo anangoti, "Bwana, fosholo ndi yomweyi."

Mukukumbuka mlendo uja anafera pamsika chaka chatha, wosadziwika kwawo? Anthu atangoima n'kumayang'anana, ndani anayamba kunyamula makasu? Ndife, adzukulu a Gomeza. Pamaliro sitifunsa kuti anali wa yani. Timayamba takumba.