Pulogalamu Yotchipa ya Nguluwe

Kalekale... Iwe wakhala kumbuyo uko, "tili tonse" wakoyo watuluka mwaulesi. Bwereza. Eya, choncho!

Kalekale, komatu osati kale la makolo, pakuti mafoni anali atafika kutchire, kunali Nankhwali ndi anapiye ake. Chaka chimenecho dzuwa linaswa mtengo. Zithaphwi zonse zinauma gwa, madzi n'kutsala padooko limodzi, ndipo Ng'ona anasamukira pomwepo. Mwanapiye anapita kukamwa, osabwerera. Wina anapita, osabwerera. Nankhwali analira mpaka mawu kusasa.

"Iyayi," anatero, "ana anga asathe ndikuona. Ndipeze wondipangira pulogalamu ya pafoni, yoti izindiuza ngati Ng'ona ali padooko kapena wachoka."

Anapita kwa Kangaude, mmisiri wosalankhulalankhula.

"Ntchitoyo ndiitha, mayi," anatero Kangaude, "koma si yamasewera. Ndiyale ulusi pamwamba pa madzi, tsidya lino mpaka tsidya lija, ndiulumikize ku foni yanu. Ng'ona akangosuntha, foni izilira. Mundipatse mwezi ndi dengu la ngumbi."

"Dengu lathunthu! A Kangaude, ngumbi zimenezo ndiye chakudya cha ana anga mpaka mvula!"

"Mtengo wake ndi umenewo, mayi."

Nankhwali anatuluka akung'ung'udza. Panjira anakumana ndi Nguluwe, ali wefuwefu, mimba ikukhula pansi. Nguluwe ameneyu sankakana ntchito. Denga ndi iye, chitsime ndi iye, mafoni ndi iye. Ntchito ankailandira ndi mimba, mutu unkamva pambuyo.

"Dengu la ngumbi?" anakuwa Nguluwe atamva nkhaniyo. "Kuba kumeneko! Alamu, ine kalichero ka mtedza basi. Mawa lomweli mudzatenge."

Nankhwali ankadziwa kuti kuthamanga sikufika, koma ataganiza za ngumbi zake anavomera. Musamuseke, inu akuluakulu. Ndani pano sanagulepo nsapato yotchipa, iyo n'kuyasama asanafike kunyumba?

Kutacha, pulogalamu yatha. Kukongola kwake! Ukadina, foni inkaimba kanyimbo n'kunena kuti, "Imwani!" Nankhwali anabisa anapiye pachitsamba, n'kupita yekha kudooko. Anadina. "Imwani!" Kuyang'ana pamadzi, maso awiri ali tong'o, akuyandama. Anadinanso. "Imwani!" Akanabwera ndi ana, akanawapereka yekha kwa Ng'ona.

Anathamangira kwa Nguluwe. "A Nguluwe, foni ikuti imwani, koma ine ndaona maso pamadzi."

"Chipika chimenecho."

"Chipika chimaphethira?"

"Ndiye kuti vuto ndi foni yanu. Izimitseni, muiyatsenso. Koma mtedza wanga ndikuufuna lero, apo ayi chisa chanu ndichifukula."

Nankhwali sanakangane naye. Anapita kwawo n'kukazinga mtedza. Anathira mchere. Anathiranso mchere. Anathiranso, n'kuwaza katsabola ka kambuzi pamwamba. Dzuwa lili paliwombo, anakatula lichero pamaso pa Nguluwe. Nguluwe kukutu kukutu, kukutu kukutu, mpaka kunyambita lichero.

Posakhalitsa kukhosi kunauma. "Alamu, kamadzi."

"Madzitu ali kudooko, alamu. Tiyeni, ndi ana omwe."

Anapita. Mbalame zinamva, agologolo anamva, onse amene Nguluwe anawagwirirapo ntchito anadzaza m'mitengo kudzaonerera. Nankhwali anadina foni. "Imwani!"

"Mwamva?" anatero Nguluwe, lilime lili panja. "Ayambe ana, ine sindidya za ana."

"Aa, a Nguluwe, mwaiwala mwambo? Wofulula mowa ndiye amayamba kulawa, alendo amamwa pambuyo. Mwafulula ndinu."

M'mitengo monse munamveka, "Zoona! Ayambe mwini wake!"

Nguluwe ankadziwa bwino kuti m'pulogalamu yake munali mawu amodzi okhawo. Koma akakana, ndani adzamupatsanso ntchito? Nalonso ludzu linali litamugwira pakhosi. Anayang'ana pamadzi n'kudzilimbitsa mtima. "Ndi chipikadi chimenechi."

Nyang'a, nyang'a, nyang'a. Mlomo m'madzi.

Khuvuu! Chipika chinayasama. Nguluwe anatembenuka, Ng'ona n'kumugwira mchira. Uyu koka, uyu koka, uyu koka, uyu koka. Mchira wonenepa uja unasupuka wonse, n'kutsala kachingwe komwe mumakaona lero. Nguluwe analiyatsa liwiro la mtondo wadooka akulira, "Mayo ine! Mayo ine!" Kumbuyo kwake foni inali ikuimbabe, "Imwani! Imwani!"

Nankhwali anatukula mapiko n'kusuzumira. Anapiye onse alipo, akunjenjemera, koma alipo. Mtima unakhala pansi, anangoti khwethe pamchenga, akuseka misozi ikutsika.

Tsiku lomwelo anasenza dengu la ngumbi, osatapako ndi imodzi yomwe, ulendo kwa Kangaude. Mwezi wonse ana ankamwa mame a m'mawa, Kangaude ali pantchito. Atamaliza, foni inkalira ngati yapenga Ng'ona akangogwedeza mchira. Tsiku lomwe inakhala chete, Kangaude sanadikire kuuzidwa za mwambo. Anatsika ndi ulusi wake, anamwa, n'kukweranso.

"Bwerani nawo ana, mayi."

Anapiye anamwa mpaka timimba tinati ndi! Chaka chimenecho anadya njere za udzu zokhazokha, anaonda ngati zitosi za nkhuku zouma, koma mvula inawapeza onse.

Nthano yanga yatopa, yakhala pansi pomwepa. Inu mukadzamva wina akuti, "Ndikupangirani motchipa, mawa lomweli," musamukanire pamaso, ndi mwano umenewo. Ingozungulirani kumbuyo kwake mwaulemu, muone kaye mchira.