Umboni wa Nangozo

Kunali bambo wina woyenda ndi ndodo, a Chidzanja, mwini mabenchi a pamsika, amene anayamba kuphika zitsamba kuseri kwa nyumba n'kumathira m'mabotolo. Anazitcha Thetsazonse, ati mankhwala a shuga, nyamakazi, kusabereka, ngakhale tsoka.

Tsiku lina anaitana Nangozo, wogulitsa matimati pa benchi lawo.

"Loweruka uime pagulu, unene kuti Thetsazonse anakuchiritsa shuga. Ukakana, benchi usiye."

Nangozo sanadwalepo shuga, koma ana ake ankadya za pabenchipo. Anavomera.

Loweruka anthu atasonkhana, Nangozo anatenga chimkuzamawu.

"Anthuni, ine ndine ndani kuti mundikhulupirire? Onani thanzi la abwanawa. Iwo amamwa botolo lathunthu m'mawa uliwonse."

Anatsegula botolo, n'kugwada, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Imwani bwana, aone."

A Chidzanja ankadziwa zimene anathiramo. Anaseka chosekera m'mano.

"Inetu sindikudwala."

"Papepala la pabotolopa mwalemba kuti athanzi azimwanso, bwana."

"Ndangodya kumene."

"Mwalembanso kuti tizimwa tikadya."

Anthu anayamba kuwomba m'manja. A Chidzanja anatsinzina, n'kugugudiza mpaka dontho lomaliza. Anatenga chimkuzamawu n'kuyamba kulalikira za mphamvu ya mankhwalawo, koma asanamalize kutchula matenda, m'mimba munabangula. Anaponya chimkuzamawu n'kuliyatsa liwiro la kuchimbudzi, atagwira lamba.

Nangozo anachitola.

"Mwaona nokha. Bambo amene amayenda ndi ndodo, lero akuthamanga. Ndani akufuna botolo?"

Palibe anakweza dzanja. Za benchi a Chidzanja sanazitchulenso, poopa umboni wina.