Kawailesi ka Yotamu Kuseri kwa Phiri

Panali munthu wina, dalaivala, dzina lake Yotamu. Ankayendetsa galimoto ya chipatala china chaching'ono cha kumudzi, ndipo kawiri pa mwezi ankanyamula namwino, mayi Nangondo, ndi bokosi la katemera kupita kumidzi ya kuseri kwa phiri. Kumeneko msewu ndi dzina chabe: miyala, makwawa ndi madambo. Foni ukangodutsa nayo pampata wa phirilo, basi yatha ntchito.

Yotamu anali dalaivala wabwino, ndipo ankadziwa kuti ndi wabwino. Choncho pamene chipatala chinaganiza zogula wailesi yolankhulirana, kuti a m'galimoto akakhala kuthengo azitha kuitana anzawo otsala, mkulu wa chipatala anati, "A Yotamu, njirayi mumaidziwa ndinu. Pitani kutauni mukasankhe."

Wogulitsa anali bambo wina waimvi amene kale ankakonza mawailesi a alonda a m'nkhalango. Asanatulutse kanthu, anayamba wafunsa kumene galimotoyo imapita. Atamva, anaika patebulo chibokosi chakuda chomangirira m'galimoto, chokhala ndi mlongoti wautali ngati nsungwi.

"Ya kumapiri ndi iyi," anatero. "Njosaoneka bwino, ndipo kuimanga n'kwa tsiku lathunthu. Koma ngakhale muli pansi pa chigwa, mawu imatulutsa."

Maso a Yotamu anali pena. Panali kawailesi ka m'manja, konyezimira, kokoleka palamba ngati ka apolisi. Anadziona akutsika nako m'galimoto pamsika, anthu akucheuka. Chibokosi chija chikanakhala cha galimoto, koma aka kakanakhala kake.

"Pakatoni alemba kuti kamafika kutali," anatero Yotamu.

"Kamafika, pamalo athyathyathya. Phiri silidziwa kuwerenga katoni, bambo. Ngati mwakakonda, katengeni mukayambe mwakayesa kuseri kwanuko. Kakakana, mubwere nako tidzasinthe."

Yotamu anakatenga. Anakayesa ali pachipata cha chipatala, kanamveka. Anakayesa ali pamsika, kanamveka. Kupita kuseri kwa phiri kunali kutaya Loweruka lonse, ndipo anati apita mawa. Mawa lake anati apita mkuja.

Lolemba mkulu wa chipatala anamufunsa, mayi Nangondo ali pomwepo, "Mwakayesa kuseri kuja?"

Pakamwa panatsogola. "Ndakayesa, bwana. Kakumveka ngati tili m'chipinda chimodzi."

Pa ulendo wotsatira, namwino ali kalikiliki kubaya ana katemera pansi pa mtengo, Yotamu anazemba n'kupita kuseri kwa galimoto. Anadina batani, naitana kuchipatala. Kawailesi kanangoti shiii. Anakwera pachulu, naitananso. Shiii. Apo anadziwa kuti waimvi uja ankanena zoona.

Akanatha kunena tsiku lomwelo. Koma akanayamba bwanji, munthu woti anauza bwana wake kuti wayesa? Ndiye anapeza njira. Ulendo uliwonse ankaitana ali pamwamba pampata, pamene kawailesi kankafika, n'kunena kuti, "Tikutsika." Pobwerera ankaitananso pomwepo, "Tikubwera." Onse anakhutira. Chilimwe chonse chinatha motero, kawailesi kali ng'aning'ani palamba.

Kenaka dzinja linafika. Tsiku lina m'mamawa, ali m'mudzi womalizira, anthu anabwera atanyamula bambo wina pachitseko. Anali a Filimoni, mlimi, ndipo njoka ya mphiri inali itawaluma pamwendo akupalira chimanga. Mwendo unali utayamba kale kutupa. Mayi Nangondo anangouona kamodzi n'kutseka bokosi la katemera.

"Tiyeni, a Yotamu. Mankhwala ake ali kuchipatala, ndipo njoka imeneyi sidikira."

Ananyamuka, mkazi wa a Filimoni atakhala kumbuyo, mutu wa mwamuna wake uli pamiyendo. Mvula inali itagwa masiku atatu. Atafika padambo la pansi pa phiri, galimoto inatitimira mpaka m'mimba. Yotamu anayala nthambi, anaponya miyala, anakumba ndi manja. Matayala ankangozungulira, galimoto n'kumalowabe.

"Siyani izo," anatero namwino. "Itanani kuchipatala, apemphe thalakitala ya kuesiteti idzatikoke."

Yotamu anachotsa kawailesi palamba. Anadina batani, naitana. Anaitana kachiwiri, nakagwedeza, nakakweza m'mwamba ngati munthu wodabwa. Anali atakonza kale mawu akuti mwina ndi mitamboyi. Koma anacheuka n'kuona mkazi uja akupukuta thukuta pankhope ya mwamuna wake ndi nsonga ya chitenje, maso ake ali pakawailesiko, akudikira kuti kayankhe.

Dzanja la Yotamu linatsika.

"Mayi Nangondo," anatero, akutsitsa mawu kuti mkazi uja asamve, "kuno sikafika. Sikanafikepo n'kamodzi komwe. Ndinanama."

Namwino sanakalipe. Anangomuyang'ana, ndipo Yotamu analakalaka akanamumenya mbama.

"Kamafika pati?"

"Pampata."

"Nanga mwaimiranji?"

Yotamu anathamanga. Matope anamuvula nsapato asanatuluke m'dambo, ndipo sanabwerere kukazitola. Njira imene galimoto inkakwera mosavuta inamutengera maola awiri, akuterereka, akugwa, miyala ikumucheka kumapazi. Atafika pamwamba anadina batani, ndipo mawu a kuchipatala anamveka bwinobwino, ngati ali m'chipinda chimodzi. Thalakitala inafika padambo dzuwa litapendeka.

A Filimoni anachira, koma mwendo anaudula m'munsi mwa bondo. Dokotala anati akanafika msanga mwina ukanapulumuka. Anati mwina. Palibe akanatha kutsimikiza, koma "mwina" ameneyo Yotamu ankadzuka naye, ankadya naye, ankayenda naye.

Anapita yekha kwa mkulu wa chipatala n'kuulula zonse. Ntchito sanamuchotse. Anamutuma kubwerera kwa wogulitsa uja, ndipo anabwerako ndi chibokosi chakuda ndi mlongoti wake. Anthu a kuseri kwa phiri sanamve kanthu, pakuti namwino sanauze munthu.

Patapita miyezi inayi, galimoto inafikanso m'mudzi womalizira uja, ndipo anapeza anthu atasonkhana. A Filimoni anatuluka pakati pawo akuyendera ndodo ziwiri, mkazi wawo ali pambuyo ndi tambala wamkulu m'manja.

"Abale anga," anatero a Filimoni, "awa ndi amene anakwera phiri lonse lija opanda nsapato chifukwa cha ine. Pakanapanda iwowa, bwenzi mutandiika."

Amayi analulutira, amuna anaomba m'manja. Mkazi uja anagwada n'kupereka tambala. Yotamu anamulandira, koma maso anasowa powaika. Kulikonse kumene ankayang'ana ankaona mwendo wa buluku wopindidwa, womangidwa ndi pini. Mayi Nangondo anali pambali, akuyang'ana pansi.

Nthungululu zisanathe, Yotamu anagwada m'fumbi, tambala ali m'manja.

"Bambo, musandithokoze. Phiri lija ndinakwera chifukwa cha bodza langa. Anandionetsa wailesi yoyenera, ine ndinasankha yokongola. Ndinadziwa kuti kuno sifika, ndipo ndinabisa chilimwe chonse. Ndikananena, thalakitala ikanabwera m'mawa."

A Filimoni anatsamira ndodo zawo. Anayang'ana Yotamu, anayang'ana pamene panali mwendo wawo.

"Ndamva," anatero potsiriza. "Tambalayo tengani, pakuti phiri munakweradi. Zinazo sindingayankhe lero."

Anatembenuka pang'onopang'ono n'kulowera kunyumba kwawo, ndodo zikugogoda pansi. Anthu anabalalika mmodzimmodzi. Yotamu anatsala chigwadire.

Inu amene mukumva, tonsefe timatumidwa kukasankhira anzathu zinthu zimene moyo wawo udzatsamire. Kusankha molakwa kumachitika, ndipo kumakonzeka, pakuti Yotamu anali ndi chilimwe chonse choti abweze kawailesi kaja. Chimene chinamukanika ndi kubweza mawu amodzi. Anathawa manyazi a mphindi imodzi pamaso pa bwana wake, nakagwera m'manyazi a moyo wonse pamaso pa mudzi. Ngati chilipo chimene munauza anzanu kuti mwayesa pomwe simunayese, ndipo iwo akuyenda mosatekeseka chifukwa cha mawu anuwo, pitani mukawauze lero, madambo akadali ouma.