Njati, Kombe ndi Mlendo wa Nasimango

Ana inu, m'nkhalango za kuchigwa muli chomera choyanga m'mitengo chotchedwa kombe. Maluwa ake amalendewetsa timichira tatitali ngati ulusi, ndipo chimabala zipatso ziwiriziwiri ngati nyanga. Koma ululu wa njere zake ukalowa m'magazi, mtima umaima.

Kalekale, chaka cha njala, njati ina inkatha mapira m'minda ya mudzi wina. Mivi ya alenje inkangoikanda. Masiku omwewo kunafika mlendo wowonda, dzina lake Chatepa. Makomo onse anamukana poti chakudya chinali chochepa, koma mayi wamasiye, Nasimango, anamuyalira mphasa namugawira phala lake.

"Udzafa ndi chifundo chakocho," anansi anatero.

Chatepa atamva za njatiyo, analoza kombe amene anayanga pamtengo kuseri kwa nyumba. "Mayi, mukulira chonsecho chida chili pakhomo?"

"Icho timachiopa, bambo. Ngakhale ana sitiwalola kuthyola maluwa ake."

"Mumachita bwino. Koma kwathu timadziwa kuchigwira."

Mlendoyo anasinja njere, napaka pamuvi, n'kukabisala m'munda. Njati itafika, anailasa paphewa. Inathamanga pang'ono, miyendo inagwedera, kenaka khu! pansi.

Mudzi wonse unathamangira kumeneko, koma palibe amene anaikhudza nyamayo.

"Chapha njati chitisiya ife?" anafunsa mlenje wina. "Nasimango, mlendo wakoyu atimaliza!"

Chatepa anatulutsa kalumo m'thumba mwake. Anadula mozungulira bala lonse, nakwirira mnofu wa ululuwo m'dzenje lakuya. Kenaka anaotcha nthuli ya kumwendo.

Nasimango anatambasula dzanja. "Patseni ine. Amene ndinamulandira ndine."

Anatafuna pamaso pa onse, nakhala pansi. Anthu anamuyang'anitsitsa mpaka dzuwa linapendeka. Ndipo Nasimango anadzuka, nasasa fumbi pansalu yake.

"Nanga mukudikiranso chiyani? Bweretsani mipeni, ana ali ndi njala!"

Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya. Mapira otsala anacha, ndipo Nasimango ankayenda m'mudzimo mutu uli m'mwamba.

Apo m'pamene panachokera mwambi wakuti, "Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa." Tanthauzo lake n'lakuti munthu wochokera kwina angathe kudziwa chimene eni mudzi chawakanika. Musamamunyoze poona fumbi la kumapazi kwake. Mulandireni, mumve zimene wabwera nazo.