Mitsuko Youma ya Nankhoma

Kalekale, ana inu, kudali midzi iwiri yomwa mtsinje umodzi. Wina udali kumtunda, patsinde pa phiri pomwe padali kasupe. Wina udali kumunsi, kwa anthu osula makasu.

Osulawo ankafuna makala. Adakwera phiri, adadula muwanga. Adakweranso, adadula mbawa. Adakweranso, adadula ngakhale katope, mtengo wosunga madzi. Makasu adayenda malonda, mbuzi zidadzaza makola, koma phiri lidatsala ngati mutu wometedwa mpala. Kasupe adayamba kuchepa, kenako adaphwa. Anthu ankachita kufukula mchenga kutali kuti apeze madzi akumwa.

Pafupi ndi kasupeyo padali munda wa mayi wina wamasiye, Nankhoma. Kadali kamunda kochepa, koma nkomwe kankadyetsa ana ake.

Tsiku lina adatulukira Kachingwe, mkulu wa osula, mchimwene wa malemu mwamuna wa Nankhoma. Mimba patsogolo, mwini wake pambuyo!

"Alamu, kwathu madzi atha," adatero Kachingwe. "Chitsulo tizichiziziritsa ndi malovu kodi? Bzalani mitengo m'munda mwanumu kuti kasupe abwerere."

"Nanga ana anga azidya masamba a katope, alamu?"

"Phiri ndi lanu, mumagona pomwepa. Ife tikungofuna madzi athu."

"Madzi anu?"

"Athu, inde!" adayankha Kachingwe, natsika.

Nankhoma mtima udamuwawa. Nkhwangwa sadaigwirepo, koma katundu yense adagwera pamutu pake. Akakana, ana ake afa ludzu. Akavomera, munda wapita, ana afa njala. Adalingalira, adalingalira, kenako adati, "Ndiitana dima."

Inu ana a lero dima simulidziwa. Ntchito ikakula, mwini wake amafulula thobwa naitana anzake. Oitanidwa amabwera ndi makasu, mwini ntchito amabwera ndi mitsuko. Mwambo wake ndi umenewo, ndipo palibe ankauphwanya.

Mvula yoyamba itagwa, midzi yonse iwiri idafika. Akumunsi adabwera akunyambita milomo, poti chaulere chimakoma. Adazula mbande za katope ndi mkuyu m'makwawa. Adakumba, adabzala. Adakumba, adabzala. Mizere yonse ya Nankhoma idatha. Dzuwa lidafika paliwombo, kukhosi kudauma gwa!

"Alamu!" adafuula Kachingwe. "Thobwa lija lituluke!"

Nankhoma adabweretsa mitsuko yovindikira bwino ndi masamba a nthochi. Kachingwe adavundukula woyamba. Mulibe kanthu! Adavundukula wachiwiri. Mulibe kanthu! Mu wachitatu mudatuluka buluzi, liwiro.

"Ha! Dima lopanda thobwa? Malaulo amenewa!"

Nankhoma ankadziwa kuti kuphwanya mwambo si masewera. Adagwada, naomba m'manja.

"Pepani alamu, mundiphunzitse. Pa dima amafulula ndani?"

"Mwini ntchito! Ngakhale mwana akudziwa."

"Nanga lero talima chimanga changa kodi?"

Akumunsi adayang'anizana.

"Lero tabzalira madzi," adapitiriza Nankhoma. "Ndipo munandiuza nokha pakhomo panga kuti madziwo ndi anu. Ine ndapereka munda, chokhacho chomwe ndinali nacho. Mitsuko ndi iyi, ndakutsukirani. Eni ake afulule."

Akumtunda adaphulika nako kuseka. Kachingwe adatembenukira kuphiri. Adayang'ana zitsa paphiripo, zonse za nkhwangwa zakwawo. Adayang'ana ana a mng'ono wake, ali chikhalire m'munda momwe simudzameranso chimanga. Manyazi adamugwira, chisoninso chidamugwira.

"Walira mvula walira matope," adatero motsitsa. "Tikafulula ife, alamu."

"Zikomo. Nanga chaka chamawa? Mtengo sukula ndi thobwa la tsiku limodzi."

Kachingwe adapuma mozama. "Nkhokwe yanu tizidzaza ife mpaka kasupe atabwerera. Ndipo amene adule mtengo umodzi azibzala yambiri."

Musaganize kuti zidali zophweka, ayi. Chaka chidapita, akumunsi adakwera ndi madengu a chimanga. China chidapita, adakweranso ndi madengu. Mbuzi zidachepa m'makola pozisinthanitsa ndi chimangacho. Ena ankadandaula kuti, "Mitengo yanji yodya mbuzi zathu?" Kachingwe ankangowayankha kuti, "Ludzu likadadya khola lonse." Akumtunda nawo ankapalira mbande ndi kuzitchinjiriza kumoto wolusa.

Nankhoma adamera imvi. Ana ake adakula. Mmawa wina Nankhoma adaponda patsinde pa katope, phazi lidati tibu m'matope! Adakumba ndi dzanja. Madzi adabwera, ozizira, oyera mbee. Adalulutira mpaka phiri lidamuyankha.

Madzi oyambawo sadamwe. Adatunga, adafulula thobwa, nasenza mtsuko ulendo wakumunsi. Adamupeza Kachingwe pakhonde, atakalamba, mimba ija itaphwa.

"Alamu," adatero Nankhoma akutula mtsuko, "thobwa la dima lija ndi ili. Pepani, lachedwa pang'ono."

Kachingwe adavundukula mosamala, mwina ankaopa buluzi. Adamwa, adamwanso, misozi ili chuchuchu. Ali chimwere, ana adafuula kumtsinje kuti madzi afika.

Nthano yanga yathera pamtsukopo, kaphuleni mbatata zisanapserere. Womwa madzi kumunsi asamusiyire yekha wosamala kasupe kumtunda.